LAMULO LOTHETSA THANGATA NDI FUNSO LA MALO M'CHIGWA CHA SHIRE

M'chaka cha 1962 Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba inakhazikitsa lamulo limene linathetsa thangata m'dziko muno. Kuyambira pamenepo mwini esiteti analibenso mphamvu yokakamiza munthu wokhala pamalo pake kumgwirira ntchito kapena kumlimira mbewu monga mtengo wa pogona. Nduna imene inali kuyang'anira za ulimi ndi zachilengedwe pa nthawiyo inali Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali atangolowa m'Nyumbamo chaka cham'mbuyo mwake. Nkhaniyi iyenera kudziwika bwino kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pakuti funso limene lamulolo linayesa kuyankha lili kufunsidwanso m'chigwa cha Shire lero lino: kodi pansi pamene paima nyumba ya munthu wosauka ndi pa yani?

CHIYAMBI CHA THANGATA

Poyamba liwu lakuti thangata linali liwu labwino. Makolo anali kuthangatana pa dima ndi pomanga nyumba, ndipo anthu anali kuthangata mfumu yawo mwaufulu. Tanthauzo linasintha atafika Azungu a minda.

Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, wolamulira woyamba wa Boma la Britain kuno, anapereka zikalata za umwini kwa Azungu amene anati anagula malo kwa mafumu. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Koma mawu amenewa sanateteze midzi yatsopano, ndiponso sanateteze Alomwe amene anali kulowa ambirimbiri kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Iwowa analandiridwa pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba pa pangano lakuti azigwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Miyeziyo inali kutalika monga mwa kufuna kwa mwini munda, ndipo ntchito inali kufunidwa m'dzinja, pamene munthu ayenera kukhala m'munda mwake. Wokana anali kupirikitsidwa pamodzi ndi banja lake.

Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi cha zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe anaukira mu January 1915. Lamulo la 1928 linalola wokhala pa esiteti kulipira lendi ya ndalama m'malo mwa ntchito, koma linalolanso mwini malo kuchotsa gawo la anthu ake pakutha pa zaka 5 zilizonse. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza za malo, analangiza Boma kuti ligule malo ogonera a maesiteti ndi kukhazikapo anthu. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono, ndipo mu August 1953, kampani ya British Central Africa itakweza lendi, ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene chinafalikira m'maboma ena a Kummwera. Anthu 11 anaphedwa.

NKHONDO YA MITUMBIRA

Munthu woima pa Thabwa kapena pa Chikwawa amaona mapiri a Thyolo ali pamwamba pake kummawa. Thangata lenileni linali kumtunda kumeneko. M'chigwa Azungu anayesa kulima thonje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma minda yawo yambiri inalephera, ndipo thonje linatsalira m'manja mwa Amang'anja ndi Asena olima m'minda yawoyawo.

Komabe a kuchigwa anali nalo goli lawo. Itatha Nkhondo Yachiwiri, Boma la atsamunda linalamula kuti mlimi aliyense azilima mitumbira yopingasa pofuna kuteteza nthaka. Anthu anakana, nanena kuti m'dothi lamchenga ndi m'dzuwa la kuchigwa mitumbira iumitsa mbewu, ndipo osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi anali pamodzi ndi okanawo. Ambiri analipitsidwa, ena anaponyedwa m'ndende, kotero kuti nyengoyo ikumbukidwa ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Wa kumtunda anali kulima mwa lamulo la mwini esiteti, wa kuchigwa mwa lamulo la mlangizi ndi mesenjala. Onse awiri analibe mawu pa nthaka imene inali kuwadyetsa, ndipo ndi chifukwa chake onse anathamangira ku Congress.

MBIRI YA NDUNAYO

Nyumba ya Malamulo inayamba mu 1907, koma munthu wakuda sanakhalemo kufikira mu 1949. Mu 1956 munalowa mbadwa 5 zosankhidwa ndi makhonsolo a zigawo: a Henry Chipembere ndi a N. D. Kwenje a Kummwera, a Dunstan Chijozi ndi a J. R. N. Chinyama a Pakati, ndi a Kanyama Chiume a Kumpoto. Iwo anali ndi mphamvu ya kulankhula yokha, pakuti ochuluka m'Nyumbamo anali Azungu. A Chipembere ndi a Chiume anali pakati pa anyamata amene anaumirira kuti Dr. Banda abwerere kwawo.

Dr. Banda anabadwira ku Kasungu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ali mnyamata anayenda pansi kunka ku Southern Rhodesia, kumene anagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, napitirira ku South Africa, nagwira ntchito ya ukalaliki pa mgodi pafupi ndi Johannesburg. Mu 1925 anawoloka kunka ku America ndi chithandizo cha mpingo wa African Methodist Episcopal. Anaphunzira ku University of Chicago, natsiriza za udokotala ku Meharry Medical College mu 1937, nalandiranso zikalata ku Edinburgh mu 1941. Anachiza odwala ku Liverpool, ku North Shields, ku London ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Anatera pa Chileka pa 6 July 1958. M'misonkhano yake anali kudzudzula Chitaganya, thangata ndi malamulo okakamiza a malimidwe, ndipo mawu amenewa anamveka kumtunda ndi kuchigwa komwe. Anamangidwa pa 3 March 1959 natsekeredwa ku Gwelo kufikira pa 1 April 1960. Pa chisankho cha pa 15 August 1961 chipani cha Malawi Congress chinapata mipando 22 mwa 28, ndipo Dr. Banda anatenga unduna wa zachilengedwe ndi maboma aang'ono. Kusankha unduna umenewo kunali kwa nzeru, pakuti m'menemo ndimo munali madandaulo a anthu a kumudzi. Zilango za malimidwe zinaleka, ndipo mu 1962 thangata linathetsedwa ndi lamulo.

Za nyumba anali kuzinena kawirikawiri. Anali kuphunzitsa kuti munthu asowa zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Mu 1964 Boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation, limene nyumba zake zalera mabanja ambiri a ogwira ntchito m'Boma m'mizinda.

ZIMENE LAMULO SILINATHETSE

Mbiri yoona iyenera kunena mbali zonse ziwiri. Lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu yopereka malo a mafumu kwa anthu ndi makampani pa lizi. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka m'chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto, ndipo ena aakulu anali a makampani a Dr. Banda mwini. Mlimi wa kumudzi analetsedwa kulima fodya wa bale kufikira mu 1990. Tsono mabanja osowa malo a ku Thyolo ndi ku Mulanje, zidzukulu za anthu a thangata, anayamba kutengedwa pa malole kunka ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba kukakhala matenanti. Tenanti anali kulandira chimanga ndi feteleza pa ngongole, kugona m'chisakasa cha mwini munda, ndi kugulitsa fodya wake kwa mwini mundayo pa mtengo woikidwa ndi mwini yemweyo. Ambiri anali kutsiriza chaka ali ndi ngongole. Utenanti umenewu unaletsedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2021, patapita zaka 59 chithetsedwere thangata.

M'chigwa namonso malo anasintha manja. Mu 1965 kampani ya Lonrho inatsegula munda wa nzimbe ku Nchalo pansi pa dzina la SUCOMA, umene unapita m'manja mwa Illovo mu 1997. Mundawo unabweretsa ntchito kwa anthu zikwi zambiri ndi chuma ku dziko, koma midzi ina inasamutsidwa kuti nzimbe zipeze malo, ndipo eni midziyo analibe chikalata chilichonse choti aonetse.

FUNSO LA CHIGWA LERO

Zinthu ziwiri zili kudzutsanso nkhani ya malo ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Choyamba ndi madzi osefukira. Mu January 2015, ndiponso pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mitsinje ya Shire ndi Ruo inagwetsa nyumba zosawerengeka, makamaka kutsidya la kummawa, kwa Mlolo ndi ku Makhanga. Boma lakhala likulangiza anthu kusamukira kumtunda. Langizolo ndi labwino, koma kumtundako kuli eni ake. Banja limene lapatsidwa pomanga ndi mawu a pakamwa okha, popanda munda ndi popanda chikalata, likhala pa chifundo cha wina monga momwe anakhalira Mlomwe wa pa esiteti. Ndi chifukwa chake ambiri abwerera kudimba madzi akaphwa.

Chachiwiri ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera pa Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000. Kumene kufika madzi, mtengo wa malo ukwera, ndipo ogula ndi obwereka malo achuluka. Alimi a ku Phata, amene anaphatikiza minda yawo mu 2011 nayamba kulima nzimbe monga kopaletivi, aonetsa kuti anthu a kumudzi angathe kupindula malo akadali awo.

Chida chimene makolo analibe tsopano chilipo. Lamulo la malo a mafumu la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, lilola munthu kapena banja kulembetsa malo awo ndi kulandira chikalata. Ntchitoyo iyamba ndi komiti ya malo ya kwa gulupu, yotsogozedwa ndi mfumuyo pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 mwa iwo ayenera kukhala amayi. Mfundo imeneyi ndi yofunika m'chigwa, kumene Amang'anja atsata mtundu wa kuchikazi ndipo Asena atsata wa kuchimuna, kotero kuti mkazi wamasiye ndi ana ake angathe kutaya malo ngati dzina lawo silinalembedwe.

Zikalata za Johnston zinali ndi mawu oteteza midzi, koma mawuwo anali m'Chingerezi ndi m'kabati ya ku Zomba, ndipo eni midzi sanawadziwe. Lamulo la 2016 lingathe kugona chimodzimodzi. Mphunzitsi amene awerenga lamulolo ndi kulifotokoza pa msonkhano wa makolo, kalaliki wa kwa Bwana DC amene aonetsetsa kuti banja losamutsidwa lalembedwa m'kaundula, ndi mlangizi amene afunsa ngati dzina la mkazi lili pa chikalata, ndiwo ali kupitiriza ntchito imene Nyumba ya Malamulo inayamba mu 1962.