Minga ya usipa, minga ya chambo: kusankha chipewa chosayabwa m'nyengo ya mwera

Mwera ukayamba kuomba chakumapeto kwa Meyi, ogulitsa kaunjika pamsika wa pa boma la Nkhotakota ndi pa Dwangwa amasintha zoyala pamphasa. Malaya opyapyala amabwerera m'thumba, pamwamba n'kubwera majuzi, majekete ndi mulu wa zipewa zoluka. Ogula ake ndi omwewo chaka ndi chaka: alovi ochezera panyanja kusaka usipa ndi nyali, akabaza olawirira mumsewu wa M5 kusanache, agogo odandaula kuti mphepo ikulowa m'makutu, ndi amayi oyembekezera amene akulongedza katundu wopita naye kuchipatala.

Mwa anthuwa muli ena amene chipewa chimawazunza. Akangochivala mphindi khumi, pamphumi payamba kunyerenyesa, kuseri kwa makutu kutentha, kenako kukanda mpaka khungu kufiira. Ambiri amangoti, "Ine wulu sindiyanjana naye, ndi magazi anga." Ndiye pamakhala wachibale wina, kawirikawiri wobwera ku Joni, amene amawauza kuti afunefune chipewa cholembedwa cashmere, chifukwa chimenecho sichiyabwa. Malangizowa ali ndi choonadi chake, koma si onse amene angawathandize, makamaka kuno kunyanja.

Aliyense wokulira m'mphepete mwa nyanja amadziwa kuti usipa sachotsa minga. Umangotola, kuika m'kamwa pamodzi ndi mbamu, kutafuna ndi mutu womwe. Minga ilimo ndithu, koma ndi yopyapyala kwambiri moti ikakhudza nkhama imapindika. Chambo ayi. Mwana akamadya chambo mayi amakhala naye pafupi, chifukwa munga wake ukakumana ndi m'kamwa supindika, umalowa. Fupa ndi lomwelo, nsomba za m'nyanja imodzi. Chasiyana ndi kunenepa kwake basi.

Chipewa choluka chilinso ndi minga yake. Mukachiyang'ana poyera dzuwa likuchiwalira cham'mbali, muona tiubweya tambirimbiri titatulukira kunja kwa ulusi. Chipewa chikathina pamutu, nsonga za tiubweya timeneti zimakanikiza khungu. Kaubweya kopyapyala kamapindika n'kugona. Konenepa kamaima njii n'kubaya timitsempha tomva kupweteka timene tili pansi pa khungu, ndipo munthu amamva ngati kuyabwa. Akatswiri ofufuza za ubweya wa nkhosa ku Australia anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anapeza kuti malire ali pafupi ndi maikiloni 30. Maikiloni ndi muyeso waung'ono zedi: mukagawa milimita imodzi ka 1,000, kagawo kamodziko ndiko maikiloni. Tsitsi la munthu nthawi zambiri limaposa maikiloni 50. Ubweya wa nkhosa wamba, uja wa mabulangete ndi majuzi akale olemera, umafika pa 30 ndi kupitirira. Wa nkhosa za mtundu wa merino wosankhidwa bwino umatsikira pansi pa 20. Cashmere amakhala pakati pa 14 ndi 19. Ameneyo ndiye usipa wa nkhaniyi.

Choncho ambiri amene amati magazi awo sayanjana ndi wulu alibe vuto lililonse m'magazi. Akungobayidwa. Umboni wake ndi woti ulusi wopanga kufakitale, ukakhala wonenepa mofanana, umayabwanso chimodzimodzi ngakhale sunayandikirepo nkhosa. Amene khungu lawo ndi louma, losweka kapena lotuluka zidzolo kawirikawiri amamva kubayako msanga kuposa anzawo.

Cashmere ndi ubweya wa mbuzi, ndipo apa ena amaseka, poganizira mbuzi zathu zoyendayenda m'minda ya chinangwa. Zathuzi zilibe ubweya wotere chifukwa sizinaonepo chisanu chenicheni. Mbuzi za cashmere zimawetedwa makamaka ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, kumene m'nyengo yozizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro. Kuti zipirire, zimamera kaubweya kofewa pansi pa bweya wake wakunja wokhakhala. Chisanu chikatha abusa amapesa mbuzi imodziimodzi ndi chipeso chachitsulo, ndipo akachotsa zonse zosafunika, mbuzi imodzi imangopereka magalamu pafupifupi 150 kapena 200 pachaka. Juzi imodzi imafuna ubweya wa mbuzi zingapo. N'chifukwa chake m'masitolo a ku London kapena Johannesburg chipewa chatsopano cha cashmere chimadula moti munthu wa kuno sangachiyang'ane kawiri. Dzina loti cashmere linachokera ku Kashmir, dera la pakati pa India ndi Pakistan, kumene ankaluka mashawelo otchuka a ubweya umenewu kalekale.

Mwayi wathu ndi belo. Pakaunjika chipewa cha cashmere chimagwera mumulu umodzi ndi zinzake za pulasitiki, ndipo wogulitsa nthawi zambiri amatchula mtengo umodzi pa mulu wonsewo. Wodziwa kusankha amatola chinthu chamtengo wapatali ndi ndalama yogulira mulu wa tomato ndi kabichi.

Koma musathamangire dzina. Mukagula usipa wouma pa Chia kapena pa Ngala, nthawi zina mumapezamo kautaka kapena kakambuzi kamene kanalowerera mu khoka. Mbale yonse ndi usipa, koma munga umodzi wa pamsana pa kansomba kameneko ukalasa nkhama, kudya konse kwasokonekera. Cashmere wotchipa ali ndi vuto lomweli. Popesa mbuzi, bweya wakunja wokhakhala uja umabwera limodzi ndi wofewa, ndipo kuulekanitsa ndi ntchito yodula. Amene akufuna phindu lamsanga amasiyamo wina. Lamulo la ku America limati chovala chisatchedwe cashmere ngati tiubweya toposa maikiloni 30 tapitirira magawo atatu pa 100 alionse, zomwe zikusonyeza kuti timinga tochepa chabe n'tokwanira kuononga chipewa chonse. Ndiye mukaona titsitsi towongoka, tonyezimira pang'ono, titatulukira apa ndi apo pakati pa ubweya wofewa, chisiyeni pamulupo, kaya chalembedwa zotani.

Kansalu kolembedwa ka mkati mwa chipewa kawerengeni bwino. Pamene alemba 100% cashmere mpamene pali chiyembekezo, ngakhale abodza nawonso amadziwa kulemba. Pamene alemba cashmere blend ndiye kuti asakaniza, mwina cashmere wake ndi gawo limodzi pa khumi, otsalawo nkhosa kapena nayiloni. Mawu oti cashmere feel kapena cashmere touch akutanthauza kuti mulibe mbuzi m'pang'ono pomwe, angoyerekeza kufewa kwake.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Amayi, tagwirani muone kufewa." Musayese ndi zala. Khungu la m'manja ndi lochindikala, makamaka kwa ife ogwira khasu ndi nkhafi, ndipo silimva kubaya kumene mphumi idzamve. Chiikeni chipewacho pakhosi, pansi pa chibwano kapena mkati mwa mkono, muchikanikize pang'ono, muziyang'ana zina pamulupo kwa mphindi zingapo. Chipewa chobaya sichichedwa kudziulula. Tembenuzaninso mkati muone msoko. Zipewa zambiri zimayabwa pamsoko wokhakhala wosokedwa ndi ulusi wa nayiloni, kapena pakansalu ka dzina kaja, kamene mukafika kunyumba ndi bwino kukasomola ndi lezala mosamala. Mkombero wa m'munsi usathine. Ngakhale ubweya wofewa bwanji, ukamangika pamphumi tsiku lonse umasiya mzere woyabwa.

Ngati kansalu kolembedwa kanachoka, pali njira ina yoyesera kunyumba. Sololani kaulusi kamodzi mkati mwa msoko, mukayatse ndi machesi. Ubweya wa nyama umanunkha fungo lija la powawula mutu wa mbuzi, umazima wokha, ndipo chotsala chake chimafumbutuka mukachitikita. Acrylic, amene ndi ulusi wa pulasitiki, amayaka mosungunuka n'kusiya kamkanda kakuda kolimba. Thonje limanunkha ngati pepala ndipo limasiya phulusa lotuwa. Moto sungakuuzeni ngati ndi mbuzi kapena nkhosa, umangolekanitsa nyama ndi pulasitiki. Ndipo dziwani kuti mipukutu yambiri ya wulu imene amayi amagula m'magolosale kuti alukire ana zipewa ndi acrylic.

Tsopano funso limene wachibale wa ku Joni uja sanafunse: cashmere ameneyu akuvalidwa kuti? Nkhotakota si Dedza, sinso Ntchisi kuphiri. Tili m'chigwa, pafupifupi mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julayi, dzuwa likangokwera pang'ono thukuta layamba. Khungu likatentha n'kunyowa limafewa, ndipo limamva kubaya kwambiri kuposa likakhala louma. Chipewa chimene chinali bwinobwino m'bandakucha chimayamba kuyabwa pofika 9 koloko, osati chifukwa chasintha, koma mutu watuluka thukuta. Cashmere amafunda kwambiri. Kuno ntchito yake ndi ya maola ochepa: madzulo pamene mwera wakula, pamaliro pochezera, m'bandakucha podikira basi. Masana chivulidwe.

Amene chimawayenera kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi agogo athu. Khungu la munthu wokalamba limapyapyala ndi kuuma, tsitsi lachepa, ndipo amazizidwa msanga ngakhale ena akuti kunja kuli bwino. Sagwiranso ntchito yotulutsa thukuta. Mukapeza cashmere weniweni pamulu, agulireni iwo.

Mlovi ayi. Cashmere sachedwa kupota timibulu ndi kubooka akamakhuzika, ndipo usiku umodzi wokoka chilimira, madzi akuwaza, mamba akumatirira, ndi wokwanira kumufooketsa. Kwa iye chipewa cha merino ndicho chabwino chikapezeka, chifukwa ndi cholimbirapo ndipo ubweya wa nkhosa umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake koma n'kumafundabe. Chikasowa, acrylic wamba amagwira ntchito, amauma msanga, ndipo akagwera m'madzi palibe wolira. Vuto lake ndi loti samwa thukuta, limangokhala pakhungu. Woyabwidwa amange kansalu kathonje kopyapyala kumutu, chipewacho chibwere pamwamba.

Za khanda ndiye mpofunika kufatsa. Mwana wongobadwa kumene amataya kutentha kwambiri kudzera kumutu chifukwa mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo n'chifukwa chake anamwino amauza amayi kuti asaiwale chipewa, makamaka kwa ana obadwa masiku asanakwane amene amasamalidwa pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaroo. Makolo athunso ankaumirira zophimba liwombo. Koma chipewa cha khanda chimakumana ndi mkaka, thukuta ndi mafuta odzola tsiku lililonse, ndipo chimafunika kuchapa pafupipafupi ndi kusita. Cashmere sangapirire zimenezo. Chathonje chofewa, chopanda msoko wokhakhala ndi timipira tolendewera, ndicho choyenera. Mwana akakula pang'ono ndipo mukuona tizidzolo tating'onoting'ono pamphumi ndi m'khosi m'masiku otentha, nthawi zambiri wafunditsidwa mopitirira. Ndi zomvetsa chisoni kuona mwana ali kumbuyo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye ali m'chipewa cha wulu ndi shawelo pamwamba.

Abale athu achialubino nawo khungu lawo limafuna chisamaliro, koma mdani wawo ndi dzuwa, ndipo kunyanja kuno mchenga ndi madzi zimalibwezera kumaso. Chipewa choluka, chifewe bwanji, chimasiya makutu, mphuno ndi khosi poyera, malo amene khansa yapakhungu imakonda kuyambira. Iwo afunika chipewa cha khonde lalikulu kuzungulira mutu wonse, cha nsalu yothithikana yoti mukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kusadutse.

Chipewa chilichonse cha pakaunjika chichapidwe chisanavalidwe. Fungo lija la m'belo si la sopo wabwino, ndipo simukudziwa kuti pamsikapo chayesedwa pamitu ingati, ina ya nsabwe, ina ya zipere. Pali anthu amene amanamizira ubweya pamene chawayabwa ndi utoto wa chipewacho kapena sopo waufa amene sanatsukuluzike. Kuyabwa kukapitirira masiku angapo mutasiya kuchivala, kapena pakatuluka timatuza ndi zilonda, pitani kuchipatala, imeneyo si nkhani ya chipewanso.

Pochapa cashmere iwalani machapidwe a kunyanja, aja omenyetsa pamwala ndi kuyanika pamchenga. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo mukakatikita m'madzi otentha timambato timakolana, chipewa cha agogo n'kusanduka chamdzukulu, cholimba gwa, chosabwereranso. Madzi akhale ozizira, sopo wofatsa pang'ono chabe, ngakhale shampu ya ana imachita. Finyani ndi manja osapotokola, muchikulunge m'thawulo kuti madzi atuluke, kenako muchigoneke pansalu youma m'nyumba. Panja pansi ayi, chifukwa kuli ntchentche zija zoikira mazira pazovala zonyowa n'kusiya mphutsi pakhungu, ndipo chipewachi simungachipsereze ndi simbi yamakala kuti muphe mazirawo.

Mwera ukaleka cha mu Ogasiti, chichapeni komaliza, chiume bwinobwino, muchitsekere m'jumbo kapena m'chitini chokhala ndi chivundikiro. Njenjete sizidya acrylic, koma cashmere, makamaka wokhala ndi thukuta ndi mafuta a kumutu, zimamupeza ngakhale pansi pa sutikesi, ndipo kuchokera Seputembala mpaka Meyi zili ndi nthawi yokwanira.