Mwambi wa Bwato Pophunzitsa Masamu

Ana ambiri amaganiza kuti masamu ndi kuonkhetsa ndi kuchotsera basi. Ife aphunzitsi tiyenera kuŵaonetsa kuti mutu weniweni wa phunziroli ndi kuganiza mwadongosolo, ndipo miyambi ya nzeru ingatithandize pa ntchito imeneyi.

Titenge mwambi wa bwato. Munthu afuna kuoloka mtsinje ali ndi fisi, mbuzi ndi dengu la chimanga. Bwato lake lingathe kunyamula iye ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya fisi ndi mbuzi paokha, mbuzi idyedwa. Akasiya mbuzi ndi dengu, chimanga chitha. Mwambiwu ndi wakalekale. Ukupezeka m'buku la Chilatini limene akatswiri amati analemba Alcuin wa ku York, amene anamwalira m'chaka cha 804, ngakhale kuti m'menemo muli mmbulu, mbuzi ndi kabichi.

Yankho lake lili ndi maulendo 7. Munthuyo aolotsa mbuzi nabwerera yekha. Aolotsa fisi nabwerera ndi mbuzi. Asiya mbuziyo, aolotsa chimanga nabwerera yekha. Potsiriza aolotsa mbuzi.

Ana savutika kupeza ulendo woyamba, pakuti fisi sadya chimanga. Pamene amakakamira ndi pa ulendo wachinayi. M'maganizo mwawo, kubweza mbuzi imene yaoloka kale ndiko kuononga ntchito. Apa mphunzitsi agwire mtima, asaulule yankho. Ajambule mizere iŵiri pansi kuti ikhale mtsinje, apatse gulu lililonse mwala, chitsekerero cha botolo ndi njere ya chimanga, kenaka afunse kuti, "Kodi lamulo likuletsa bwato kubwerera ndi katundu?" Mwana amene wazindikira yekha kuti sililetsa sadzaiŵala, ndipo waphunzira kusiyanitsa lamulo lenileni ndi lamulo limene wangodziikira.

Akamaliza, tiŵapatse mwambi wa anthu a mtundu wa Ila a ku Zambia, umene Marcia Ascher anaufotokoza m'chaka cha 1990. Uwu uli ndi zinthu zinayi: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la chimanga. Ana ayese ulendo woyamba m'njira zonse. Munthu akatenga kambuku, chimanga chidyedwa. Akatenga chimanga kapena khoswe, kambuku agwira mbuzi. Akatenga mbuzi, khoswe atsala pakati pa kambuku ndi dengu. Njira zonse zinayi zakanika, choncho mwambiwo ulibe yankho. M'nthano ya Aila, munthuyo angoleka ulendo wake.

Phindu la mwambi wachiŵiriwu ndi lalikulu. Kunena kuti "ndalephera" ndi kosiyana ndi kunena kuti "sizingatheke, ndipo chifukwa chake ndi ichi." Mwana wa Sitandade 6 akafika ponena mawu achiŵiriŵa, wayamba kutsimikiza mfundo monga achitira akatswiri a masamu. Mphindi 15 za Lachisanu zikwanira, malinga ngati tipempha gulu lililonse kufotokoza pabolodi chifukwa cha ulendo uliwonse.