Ndinagona m'chipinda cha matumba ku Quelimane

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya mu February chaka chatha, bambo anga atandituma ku Quelimane, likulu la chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kukazonda mnzawo amene ankadwala. Mkuluyu anakhala pakhomo pathu ku Mulanje nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Bambo miyendo inawakana kale, choncho ulendo unagwera ine. Ndinapempha masiku anayi kwa ahedi, ana a Folomu 2 n'kuwasiyira ntchito yolemba.

Ndinatulukira pachipata cha Muloza kulowa Milange, n'kukwera minibasi, imene kumeneko amati chapa, kudzera ku Mocuba ndi Nicoadala. Chimene sindinafunse n'chakuti sabata imeneyo inali ya Carnaval.

Carnaval ndi chikondwerero chimene chimachitika nyengo ya Lenti ikayandikira, ndipo chinafika ku Mozambique ndi Apwitikizi. Nzeru yake njakuti anthu adye ndi kuvina mokwanira Lachitatu la Phulusa lisanafike, poti kutsogoloko kuli masiku 40 odzimana. Ya ku Quelimane ndiyo yotchuka kwambiri m'dzikomo, moti ena amautcha mzindawu Brazil wamng'ono.

Ndinafika kutada. Foni ya mwana wa wodwalayo sinkapezeka. Mnyamata wa kabaza, poti njinga mumzindawu n'zosawerengeka, anandizungulitsa nyumba zogona alendo zisanu. Zinayi zinali zodzaza. Yachisanu ananditchulira mtengo woti ndikanalipira, yobwerera kunyumba ikanathera pomwepo.

Pomaliza tinaima pa kanyumba ka zipinda zisanu ndi chimodzi, kamene amati pensão. Mayi amene anali pakhonde anapukusa mutu ndisanatsike n'komwe. Ndinadandaula chamumtima koma mawu anatuluka: "Kaya ndigona kuti lero."

"Mwachokera kuti, achimwene?" anafunsa m'Chichewa chomveka bwino.

Nditatchula Mulanje, anaimirira. Anandiuza kuti anathawira kumeneko ali kamtsikana, ndipo kuwerenga anaphunzirira pansi pa mtengo kufupi ndi Muloza. Chipinda analibedi, koma anatsegula mosungira katundu, n'kukankhira pambali matumba a mpunga ndi mulu wa kokonati. Anayala matiresi, kumanga neti, n'kundipatsa ndowa ya madzi osamba. Mtengo anati ndilipire theka la wa masiku onse.

Kugona kunali kosatheka. Kunkatentha ngati m'uvuni, ndipo ng'oma zinkagwedeza malata. Mayiwo anati ndipite ndi mphwawo ndikaone gule, koma pasipoti ndi ndalama ndiwasiyire, chifukwa m'chigulu chotere opisa m'matumba sasowa. Apa mtima unagunda. Munthu ndamudziwa ola limodzi, ndimusiyire zonse? Ndinakumbukira kuti iwonso andilowetsa m'nyumba mwawo osandidziwa. Ndinapereka.

Zimene ndinaona mumsewu sindidzaiwala. Magulu a m'madera osiyanasiyana a mzindawu ankadutsa motsatana, lililonse ndi zovala za mtundu wake, oimba ng'oma pambuyo. Ena anavala zigoba kumaso, amuna ena madiresi. Poyamba ndinakumbukira gule wamkulu, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Uku kulibe chinsinsi. Wovina akatopa amavula chigoba pagulu, kumwa madzi, ana ake akumukuwira dzina. M'mbali mwa msewu amayi ankaotcha nkhuku yonyikidwa mu mkaka wa kokonati ndi tsabola, ndiwo imene Zambezia imadziwika nayo. Ndinadya ndi mpunga, n'kunyambita zala.

M'mawa mayiwo anandibwezera envelopu yanga ili chitsekere, n'kutuma mphwawo uja kuti andiperekeze potsata kapepala kamene bambo anandilembera. Tinadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, dzina limene Vasco da Gama anaupatsa mu 1498, misewu ili mbwee zinyalala za usiku. Wodwalayo tinamupeza atafooka, koma mutu uli bwinobwino. Funso lake loyamba linali lakuti mtengo wa mango umene anabzala kuseri kwa khola lathu ukadalipo. Ndinati ulipo, ndipo ukubereka. Anamwalira patatha miyezi iwiri, uthenga wa mnzake ataumva.

Kwa amene mukufuna kukaona Carnaval, yang'anani pakalendala tsiku la Phulusa, chifukwa limasintha chaka ndi chaka, ndipo malo ogona mupezeretu. Musadalire mwayi ngati wanga.

Komabe sindikhulupirira kuti unali mwayi chabe. Dziko lathu linasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Amene anagawira kamtsikana kaja nsima ndi choko sindikuwadziwa, koma chipinda changa analipira ndi iwo. Kupatsa n'kuika. Ndimaganiza zimenezi ndikamva anzathu ena akunyoza alendo obwera kudzagwira ganyu m'midzi yathu.