MTSIKANA WA KU ESTONIA WOBVINA PA MADZI OUNDANA

Anthu a kuno ku Mchinji amacidziwa cisanu ca mwezi wa June ndi July m'madambo a Bua, amawadziwanso matalala amene amaboola fodya m'munda. Koma mtsinje wa Bua sunaumepo gwa ndi kuzizira kufikira munthu nkuyenda pamwamba pa madzi. Ku maiko a kumpoto kwa Ulaya zotere zimacitika caka ndi caka, ndipo ndi m'mene anthu a kumeneko anayambira masewera otsetsereka pa madzi oundana. Limodzi la maikowo ndi Estonia, locita malire ndi Russia. Ndi dziko laling'ono: anthu ace ali ngati 1,300,000, ndiko pafupifupi anthu a boma la Mchinji mutawawerenga kawiri.

Masewerawa Azungu amawachula figure skating. Masiku ano amacitikira m'nyumba yaikuru, m'mene makina amaziziritsa madzi pansi monga icitira firiji. Bwalo lace ndi la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, ngati mabwalo anai a mpira wa manja. Wosewera amabvala nsapato zokhala ndi citsulo kunsi, copyapyala ngati msana wa cikwanje, ndipo pa citsulo cimeneco amathamanga, nazungulira ngati nguli, nalumpha m'mwamba, zonsezi motsata nyimbo. Wodziwa cimtali kapena ingoma amvetsa msanga kuti phazi likasemphana ndi ng'oma, gule waonongeka.

Mpikisano uli pawiri. Coyamba abvina mphindi 2 ndi masekondi 40, tsiku lina abvina mphindi 4, ndipo malikisi a magawo onse awiri amaphatikizidwa. Oweruza 9 amayang'ana ngati wolumpha wakwanitsa kuzungulira katatu asanatere, ndi ngati watera bwino ndi mwendo umodzi. Akagwa amcotsera malikisi anthu onse akupenya, ndipo palibe mnzace womulandira monga ku mpira. Ayenera kudzuka yekha ndi kuipezanso nyimbo pamene yafika.

Tsono wochuka pa masewerawa ku Estonia ndi Niina Petrõkina. Anabadwa pa 14 August 2004 mu mzinda wa Tallinn, likuru la dzikolo, ndipo anayamba kuphunzira ali kamwana kosafika pa msinkhu wa sukulu. Mphunzitsi wace ndi mai Svetlana Varnavskaja. Aphunzitsi a m'midzi asadabwe ndi msinkhu umenewo, pakuti thupi likakhwima silibvomeranso kupindika monga masewerawa afunira.

Mu 2020, pamene anali kulowa m'gulu la akuru, anadwala nthenda yoopsya imene madokotala amaichula aplastic anaemia. Kucepa kwa magazi kumene kumadziwika m'midzi kawirikawiri kumadza ndi malungo, njoka za m'mimba kapena kusowa zakudya zoyenera, ndipo gwero likacotsedwa magazi amabwerera. Nthenda ya Niina inali yina. Mafuta a m'mafupa, amene nchito yace ndi kupanga magazi, ndiwo analeka kugwira nchito. Wodwala cotere amafooka, amatuluka magazi msanga, ndipo matenda ena amamgwira mosabvuta. Kwa munthu amene tsiku ndi tsiku amagwa pa madzi olimba ngati simenti, imeneyi ndi nkhani ya moyo. Nyengo yonse ya mipikisano ya 2020 ndi 2021 inampita ali pa mankhwala.

Atacira anabwerera, nakwera pang'onopang'ono. Mu October 2023, pa mpikisano wa Skate America ku Texas, anakhala wacitatu, nalandira mendulo ya mkuwa. Palibe munthu wa ku Estonia amene anapatapo mendulo pa mipikisano yaikuru ya Grand Prix iye asanatero. Koma miyezi iwiri isanathe bwino, mu December, anathyoka fupa la mwendo pokonzekera, ndipo mpikisano wa Ulaya yense wa January 2024 ku Kaunas unacitika iye kulibe. Kumeneko mnyamata wa kwao, Aleksandr Selevko, anakhala waciwiri pa amuna.

Caka cotsatira mpikisano wa Ulaya unadza kwao kweni kweni, m'nyumba ya masewera ya Tondiraba ku Tallinn, kumapeto kwa January 2025. Kusewera pamaso pa abale si cinthu capafupi. Ambiri amanjenjemera pakhomo kuposa kucilendo. Niina anapeza malikisi 208.18, naposa Anastasiia Gubanova wa ku Georgia ndi Nina Pinzarrone wa ku Belgium. Anakhala munthu woyamba wa ku Estonia kutenga mendulo ya golidi ya Ulaya pa masewerawa, ali ndi zaka 20.

Pali mau ena amene ayenera kunenedwa. Atsikana a ku Russia, amene kwa zaka zambiri ndiwo anali kupambana mpikisano umenewu, sanaloledwe kulowa, cifukwa bungwe loyang'anira masewerawa, la International Skating Union, linawaletsa mu 2022 pa mlandu wa nkhondo ya ku Ukraine. Ena amati njira inatseguka cifukwa ca cimeneco, ndipo nzoona kuti mpikisano unapepukako. Komabe oweruza sapereka malikisi cifukwa ca amene sanabwere. Amawerenga zimene wosewera wacita pa bwalo.

Mu January 2026 mpikisano wa Ulaya unacitikira ku Sheffield, ku Mangalande, kutali ndi kwao, ndipo Niina Petrõkina anatenganso golidi kaciwiri.