Tizilombo ta m'chitsime cha kudimba: dziwani mdani ndi bwenzi

Mvula ikatha, madambo a ku Edingeni m'boma la Mzimba amadzaza ndi olima madimba. Ana nawo salephera: amatunga madzi othirira mbewu, kenako n'kusamba m'zitsime zomwezo. Madziwo angaoneke oyera, koma m'udzu wa m'mphepete mumabisala tizilombo. Mutha kutizindikira ndi mbale yoyera, supuni ndi chikho cha mpini wautali basi.

Tungani madzi pafupi ndi udzuwo, thirani m'mbale, dikirani akhazikike. Musapisemo dzanja.

Yambani ndi nkhono. Zomwe zimafalitsa likodzo n'zazing'ono ngati chikhadabo cha chala. Ikani imodzi pasupuni, nsonga ya chigoba iloze kumwamba, kukamwa kwake kuyang'ane inu. Ngati chigobacho n'chonenepa ndipo kukamwa kuli kumanzere, ikayikireni kuti ndi Bulinus, yosunga nyongolotsi za likodzo lokodzetsa magazi. Ngati n'chophwatalala, chozungulira ngati batani, ndi Biomphalaria, ya likodzo la m'matumbo. Ya kukamwa kumanja, Lymnaea, imasunga nyongolotsi zowononga chiwindi cha ng'ombe, choncho a makola musainyozere.

Kenako yang'anani pamwamba pa madzi. Mphutsi ya udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, imagona chopingasa, thupi lonse kukhudza pamwambapo. Ya udzudzu wa Culex imalendewera mutu pansi, ikupumira kampope ka kumchira. Kukamatentha, sabata imodzi kapena ziwiri n'zokwanira kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka.

Si zonse zoyenda m'mbalemo zomwe ndi adani. Ana a tombolombo, a miyendo 6 ndi maso aakulu, amadya mphutsi za udzudzu. Timatemba nato timazidya. Mbululu sizifalitsa likodzo kapena malungo. Mukathira mankhwala a mbewu m'chitsime, mumapha abwenzi amenewa ndi kuika chiphe m'madzi a banja lanu.

Dziwaninso kuti timphutsi ta likodzo totuluka mu nkhono sitioneka bwino ndi maso, ndipo timalowera pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Popanda munthu woti timulowe, timafa pasanathe maola 48. N'chifukwa chake madzi oterowo muziwasunga masiku 2 m'ndowa yopanda nkhono, kapena kuwawiritsa, musanasambitse mwana. Akumwa atungeni pamjigo.

Mukapeza nkhono zokayikitsa, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Lambulani udzu m'mbali mwa chitsime mutavala jombo, kwirirani zithaphwi zopanda ntchito, ndipo ana asakodzere kapena kuchita chimbudzi m'madzi, poti mazira a likodzo amafika kwa nkhono kudzera m'njira imeneyi.

Mwana akakodza magazi, si chizindikiro cha kukula ayi. Pitani naye kuchipatala akalandire praziquantel, mankhwala omwe Unduna wa Zaumoyo umaperekanso m'masukulu. Likodzo lolekereredwa limachepetsa magazi, limabwezera mwana m'mbuyo m'kalasi ndipo limawononga chikhodzodzo.