Mmene Seychelles idatulukira m'dzenje la ngongole

Seychelles ndi dziko la zilumba 115 m'nyanja ya Indian Ocean, lokhala ndi anthu ongopitirira pang'ono 100,000, ambiri mwa iwo pa chilumba cha Mahé pomwe pali likulu lake, Victoria. Lidalandira ufulu kuchokera kwa Britain mu 1976, ndipo chaka chotsatira France-Albert René adalanda boma. Muulamuliro wake boma lidagwira pafupifupi chilichonse: lidatsegula makampani akeake, linkaika mitengo ya katundu, linkapereka maphunziro ndi chithandizo chachipatala kwaulere, komanso linkasunga mtengo wa ndalama ya dzikolo, rupee, pamlingo womwe lidasankha lokha.

Zipatala ndi sukulu zidayenda bwino, koma zambiri zinkalipiridwa ndi ngongole. Chuma cha zilumbazi chimadalira zinthu ziwiri, alendo odzaona malo ndi nsomba za tuna zomwe amaziika m'zitini pa fakitale ya ku doko la Victoria. Mpunga, mafuta agalimoto, simenti ndi mankhwala zonse zimabwera pa sitima, ndipo zimafuna ndalama zakunja. Madola atayamba kusowa m'mabanki, msika wamseri udakula. Wamalonda ankadikira miyezi kuti banki imupatse ndalama zoodera katundu, mashelefu m'magolosale n'kumakhala opanda kanthu, pomwe mlendo wotsika ndege ankanong'onezedwa mtengo wabwino wa dola kuseri kwa hotela.

Mu 2008 mitengo ya mafuta ndi chakudya idakwera padziko lonse, alendo n'kuchepa. Ngongole ya boma inali itaposa chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pachaka, ndipo lidalephera kulipira omwe adalibwereka ndalama kunja. Boma la James Michel lidapita ku bungwe la IMF. Mu Novembala chaka chomwecho rupee idasiyidwa kuti mtengo wake uzidziwika ndi msika, ndipo m'masabata ochepa idataya pafupifupi theka la mphamvu yake. Malamulo oletsa kugula ndalama zakunja adachotsedwa, antchito ambiri aboma adapatsidwa ndalama kuti apume, ndipo sabuside ya aliyense idalowedwa m'malo ndi chithandizo cholunjika mabanja osauka okha. Mitengo idauluka, anthu adalira, koma msika wamseri udafa chifukwa dola idayamba kupezeka ku banki. Mu 2009 mayiko obwereketsa a m'gulu la Paris Club adavomera kufufuta 45 peresenti ya ngongole yomwe Seychelles inali nayo kwa iwo.

Chomwe chidathandiza kwambiri n'choti zonsezi zidachitika nthawi imodzi ndipo boma silidabwerere m'mbuyo. Pofika 2015, World Bank idaika Seychelles m'gulu la mayiko opeza bwino, ndipo mu 2018 dzikolo lidachotsedwa pamndandanda wa mayiko oyenera kulandira thandizo lachitukuko.

Apa mpomwe padatulukira vuto lina. Opereka thandizo amayeza umphawi pogawa chuma cha dziko ndi chiwerengero cha anthu, muyezo womwe suona kuti kadziko kodalira alendo kangathe kugwa ndi vuto limodzi lokha. Pofuna njira zina zopezera ndalama, Seychelles idatembenukira kunyanja yake. Mothandizidwa ndi bungwe la The Nature Conservancy, idakonzanso ngongole ya madola 21.6 miliyoni polonjeza kuteteza 30 peresenti ya madzi ake, lonjezo lomwe idakwaniritsa mu 2020. Mu 2018 idabwerekanso madola 15 miliyoni kudzera mu blue bond yoyamba padziko lonse, ndalama zopititsira patsogolo usodzi wosawononga nsomba.

Mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege mu 2020, mahotela adatsala opanda alendo, rupee idagwanso ndipo ngongole idakwera. Boma latsopano la Wavel Ramkalawan lidabwerera ku IMF mu 2021, uku likulimbikira pamodzi ndi mayiko ena a pazilumba kuti thandizo lizitengeranso kusatetezeka kwa dziko, osati ndalama za munthu mmodzi zokha. Bungwe la United Nations lidavomereza muyezo woterewu mu 2024.