WALIRA MVULA WALIRA MATOPE: ZA MATAYALA A NJINGA YAMOTO M'DZINJA

Caka ndi caka, dzuwa likafika powawitsa mvula itatsala pang'ono kugwa, Asoli a m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, kupempha kuti mitambo itsike ndi kuti mbeu zidalitsidwe. Tonsefe amene timadya za m'munda timabvomereza pempho limeneli ndi mtima wonse. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo mwa onse olandira matopewo, palibe amene amawadziwa bwino koposa munthu woyenda pa njinga yamoto.

M'boma lathu lino njinga yamoto, imene ambiri amangoicha Honda ngakhale ikhale ya kampani ina, si ya masewera ai. Ndiyo imanyamula alangizi a zaulimi, anamwino okapereka katemera, ansembe ndi akatekisiti opita ku nthambi za parishi, ndiponso anyamata amene amapeza nayo nsima ponyamula anthu ndi katundu. Onsewa pa ulendo umodzi amakumana ndi miseu ya mitundu iwiri. Amayamba pa tala ya Great East Road, mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo akangopatuka kulowera kumidzi ya ca ku Lwimba, Katoba kapena Kanakantapa, amapeza dothi lofiira ndi madambo. Kuyambira Novembala kufikira Epulo, miseu iwiriyi imafuna zinthu zosiyana kwa tayala limodzi lomwelo.

Alendo a njinga zikuluzikulu

Nthawi zina pa mseu wathu timaona alendo akudutsa pa njinga zikuluzikulu, mabokosi ali kwa! uku ndi uku. Njinga zimenezi zinapangidwira maulendo ataliatali. M'caka ca 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda pa njinga za BMW kucokera ku Scotland mpaka ku Cape Town, nadzera ku Malawi ndi kuno ku Zambia. Njinga yotere ikadzazidwa mafuta imapitirira makilogalamu 250, kuwirikiza kawiri kulemera kwa njinga zathu za 125cc ndi 150cc. Koma taonani nthawi imene iwo anasankha: ananyamuka mu Meyi nafika mu Ogasiti, kwathu kuno kuli gwa. Mlendo angathe kusankha nyengo yace. Namwino wa kumudzi sangauze mwana wodwala kuti adikire cilimwe. Komabe lamulo limene limaimika njinga yaikulu ndi lomwelo limene limaimika yaing'ono, ndipo lili pansi, pamene tayala likhudza nthaka.

Cikhatho cimodzi kutsogolo, cina kumbuyo

Tayala la njinga yamoto limagunda pansi pa malo osaposa cikhatho ca munthu. Pa zikhatho ziwirizo ndi pamene patsamira injini, wokwera, mnzace wa kumbuyo ndi thumba la cimanga. Mphamvu yogwira pansi ili ngati ufa wa m'nyumba: ndi umodzi, ndipo onse amatapa momwemo. Kumanga mabuleki kumatapako, kukhota kumatapako, kupatsa moto nakonso kumatapako. Kukauma ufawo ndi wocuruka. Kukanyowa umatsala wocepa, ndipo amene amanga buleki ali pakati pa kukhota wapempha zoposa zimene zilimo. Ndico cifukwa cace wodziwa amacepetsa liwiro njinga ikali ciriri, asanalowe pokhota, nakhota mosapendekeka kwambiri.

Za liwiro tiwerengere pamodzi. Pa makilomita 60 pa ola, njinga imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imodziyo imatha munthu akali kuganiza zoti mbuzi yalowa mumseu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atamangidwa umawirikiza kanai. Pa mseu wonyowa mtundawo ungatalike kawiri konse. Kuthamanga si kufika.

Mano a tayala

Tingalande timene tinalembedwa pa tayala si tokongoletsa. Nchito yace ndi kukankhira madzi kumbali kuti mphira ukhudze mseu. Mano akatha, madzi amalowa pakati pa tayala ndi tala, ndipo njinga imayandama osamvera mahandulo kapena mabuleki.

Matayala alipo a mitundu itatu. Loyamba ndi la pa tala, la mphira wambiri ndi tingalande topyapyala. Pa mseu wa tala wonyowa limagwira koposa onse, koma m'matope tingalandeto timatsekeka msanga, tayala nkusanduka mbiya yoterera. Laciwiri ndi la mano akuluakulu otalikirana, longa limene linali kubwera pa Yamaha DT125 ndi Honda XL125. Ili limaluma dothi ndi kudzisansa lokha likamazungulira, koma pa tala yonyowa limaima pa nsonga za mano zokha, ndipo pokhota limaseseleka mosacenjeza. Lacitatu ndi la pakatikati, la mano afupiafupi oyandikana, limene silipambana pena paliponse koma silinyenga mwini wace.

Tayala labwino ponseponse kulibe. Cotero funso lofunika si lakuti ndi liti lochipa kapena looneka bwino, koma lakuti: pa makilomita khumi amene ndimayenda, ndi angati a tala ndipo ndi angati a dothi? Mnyamata wonyamula anthu pakati pa Chongwe ndi Lusaka asadzibvute ndi mano akuluakulu. Mlangizi amene masiku ace ambiri amathera m'madambo asakhulupirire tayala la m'tauni. Ambiri a ife, amene timagawa ulendo pakati, tayala la pakatikati ndilo lotiyenera, malinga tikumbukire kuti pa tala yonyowa ndi m'matope momwe lifuna kuyendetsedwa modekha. Matayala awiriwo akhale a mtundu wofanana ndi a msinkhu umene wopanga njinga analamula. Ndipo ngati ndalama zakwanira limodzi lokha onse awiri atatha, tidziwe kuti la kumbuyo likaterera munthu angathe kudziwongola, koma la kutsogolo likaterera kawirikawiri amangozindikira ali pansi.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

Safunsa anadya phula. Tayala lili ndi zonena zace kwa amene awerenga. Ambiri ali ndi kamubvi kosonyeza kumene ayenera kuzungulira, ndipo lomangidwa cambuyo silicotsa madzi monga liyenera. M'kati mwa tingalande muli timitumbira tating'ono. Mano akalingana nato, tayala latha. Ku Britain lamulo silirola njinga yoposa 50cc kuyenda ndi mano osakwana milimita imodzi, koma m'dzinja lathu nkwanzeru kusintha tisanafike pamenepo.

Palinso manambala anai osonyeza tsiku lobadwa. Ciyambire caka ca 2000, awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri otsiriza ndi caka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'caka ca 2019. Mphira umakalamba ngakhale usakugwira nchito, makamaka pa dzuwa longa lathu. Umauma, nucita ming'alu, nuleka kumamatira pamalo onyowa. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziyesedwa caka ciriconse, ndipo likafika zaka 10 licotsedwe ngakhale mano alipo. Ticenjerenso ndi matayala akale amene ena amawasema ndi mpeni kuti aoneke ngati ali ndi mano. Kutero ndi kupepula cikopa cimene cinali capyapyala kale.

Mpweya upimidwe m'mawa tayala likali lozizira, ndi copimira, osati ndi cala kapena cidendene. Muyeso unalembedwa m'buku la njinga kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi cheni. Pa njinga zambiri zazing'ono umakhala ca m'ma 1.75 bar kutsogolo ndi 2.0 kumbuyo, nukwera pang'ono pakakhala wokwera waciwiri. Tayala lopwepwera limatentha ndi kugwedeza njinga pokhota. Lopopedwa mopitirira limacepetsa cikhatho cija. M'matope ndi mumcenga kuphwetsako pang'ono kumathandiza, koma pompa ikhale pafupi kuti mpweya ubwezeredwe pobwerera pa tala.

Mvula yoyamba

Tsiku loopsa koposa pa tala ndi la mvula yoyamba. Miyezi yonse ya cilimwe malole akhala akudontheza dizilo ndi oilo, fumbi nkumaunjikana pamwamba. Madontho oyamba amasakaniza zonsezi kukhala ngati thelele. Amene angathe, aime pamthunzi kufikira mvula itatsuka mseu. Pambuyo pace apewe mizere yopakidwa utoto, zitsulo za pa ulalo, ndowe za ng'ombe ndi mcenga umene madzi amakokolola kucokera m'tinjira ta m'mbali. Cithaphwi ciriconse aciyese dzenje kufikira ataona pansi pace.

Pa tala buleki ya kutsogolo ndiyo imagwira nchito yaikulu, koma ifinyidwe pang'onopang'ono monga pokama ng'ombe, pamodzi ndi ya kumbuyo. Njinga za alendo aja zili ndi cipangizo cochedwa ABS, cimene cimaletsa gudumu kuuma pomanga mabuleki. BMW inayamba kuciika pa njinga m'caka ca 1988. Zambiri za njinga zathu zilibe, cotero dzanja la wokwera ndilo liyenera kukhala ndi nzeru imeneyo.

Katundu, matope ndi mitsinje

Thumba la makilogalamu 50 lomangidwa kumapeto kwenikweni kwa kaliyala limapepula gudumu la kutsogolo, ndipo mahandulo amayamba kubvina. Katundu wolemera akhale m'munsi, pafupi ndi msana wa woyendetsa, wolingana mbali zonse. Wokwera kumbuyo akhale motangadza, moyandikira, napendekeke pamodzi ndi njinga. Amai apinde citenje bwinobwino kuti cisakodwe m'cheni kapena m'masipoko, ndipo onse awiri abvale cisoti comangidwa pa cibwano.

M'matope giya yaciwiri ndi moto wosasinthasintha ndizo zimaolotsa. Maso ayang'ane patsogolo pamene tifuna kufika, ndipo buleki ya kutsogolo igwiridwe mosamala kwambiri. Dothi la makande limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, cotero njinga ikayamba kulemera tiime ndi kukolokosa ndi kamtengo. Mtsinje wa Chongwe, wa Chalimbana, wa Ngwerere ndi timakwawa tothira m'menemo timadzaza mofulumira, ngakhale ndi mvula imene yagwa kutali. Pamalo oolokera titsike, tiyese madzi ndi ndodo. Ngati akuthamanga ndipo afika m'maondo, tidikire: madzi amaphwa, koma wokokoloka sabwerera. Tikaoloka tiyende pang'ono tikugwira mabuleki mopepuka kuti aume.

Mau kwa otuma

Nkhani iyi si ya okwera okha. Pa bajeti ya banja, ya kiliniki kapena ya bungwe la parishi, mafuta amalembedwa msanga cifukwa njinga yopanda mafuta siyenda, koma tayala limaiwalika cifukwa lakutha limayendabe. Mwezi wa Okutobala, pamene tikugula mbeu ndi feteleza, tiweramenso tione mano, ming'alu, manambala anai aja ndi mpweya. Ndipo ife amene timatuma anzathu, kapena kukwera kumbuyo kwao, tileke kuwakakamiza kuthamanga kumwamba kutada. Nkwabwino msonkhano uyambe mocedwa, kusiyana ndi kuti anthu omwewo asonkhanenso mawa lace pa nyumba ya siwa.